Waya wa Kuseri kwa Chitseko

A Simioni Kalanje anabadwira ku Nkhudzi m'banja la asodzi, koma nyanja inawakana akadali mwana. Akangokwera bwato, mwera usanayambe n'komwe, iwo anali atayamba kale kusanza, mpaka abambo awo anatopa nazo n'kulamula kuti ameneyu azipita kusukulu basi, asamabwezetse anthu panjira. Abale awo anawaseka zaka ndi zaka. Munthu wa ku Nkhudzi woopa madzi, zinayamba zaonekapo kuti? Koma sukulu ya mishoni inawapatsa chinthu chimene abale awo onse analibe, ndicho dzanja lolemba. Zilembo zawo zinali zoongoka, zofanana msinkhu, moti aphunzitsi ankatenga kope lawo kukachititsa nalo manyazi makalasi akuluakulu.

Dzanja limeneli ndi limene linawapezera ntchito pa ofesi ina ya boma pa Fort Johnston, dzinali lisanasinthe kukhala Mangochi. Anayamba ngati mesenjala, kenako anawakankhira m'chipinda cha kumapeto kwa khonde, mmene munkasungidwa mafayilo akale. Chipinda chimenechi palibe ankachifuna. Zenera linali limodzi, kudenga kunali mileme, ndipo mwezi wa Okutobala munthu ankachucha thukuta atangokhala phee. Makalaliki anzawo ankachitcha kumanda. A Simioni anakhalamo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sanapempheko tsiku ndi limodzi lomwe kuti awasinthe.

Anapeza mapepala ali mbwee pansi, ena chiswe chitawadya pakati, ena atamangidwa ndi luzi. Anawasanja chaka ndi chaka, nkhani ndi nkhani, n'kuwaika m'mabokosi a manambala. Anakweza mashelefu pa njerwa n'kuthira oilo wakuda m'miyendo mwake kuti chiswe chisakwere. Pofika nthawi ya ufulu mabokosi anali atakwana mazana awiri: za misonkho, za misewu, za milandu ya malire a minda, za ziphaso za maukonde, ngakhale za agalu achiwewe. Akazi awo a Dorika, amene ankagulitsa nsomba zokazinga pamsika, ankadandaula kwa anzawo kuti anakwatiwa ndi munthu wodziwa pamene pali kalata ya mu 1938 koma woiwala kuti anatumidwa mchere.

Tsono mvetsani kagwiridwe kawo ka ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Munthu akafuna bokosi, lamulo linali lakuti alembedwe m'kaundula: tsiku, dzina lake ndi nambala ya bokosilo. Lamulo linkathera pomwepo. Koma a Simioni anaona kuti kaundula sathandiza pobweza, pakuti mabokosi onse anali ofanana ndipo limodzi likalowa polakwika ndiye kuti latayika. Ndiye anapeka nzeru yawoyawo. Ankadula timapepala kumaenvulopu akale. Pakapepala ankalembapo tsiku, dzina la wotenga, nambala ya bokosi ndi ola, wotengayo n'kusainapo, ndipo kapepalako ankakaika pashelefu pampata pamene pachoka bokosi. Bokosi likabwerera, ankalembapo ola lobwezera n'kukabaya pa waya wokhota umene unkapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Chaka chikatha ankayamba waya wina. Palibe bwana anawatuma zimenezi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe kuti kuseri kwa chitseko kuli kanthu. Ankangodziwa kuti kwa mdala Kalanje sutenga bokosi usanasaine, ukhale mesenjala kaya bwanamkubwa.

Zandale analibe nazo ntchito. Khadi la chipani linkakhala m'thumba la malaya monga mwa wina aliyense, kumsonkhano ankapita, manja ankaomba. Zaka zimenezo pa Mangochi munthu ankayamba wayang'ana kumbuyo asanayankhe ngakhale funso la mvula, chifukwa boma lino linali litadziwika ndi chipwirikiti chija cha mu 1965, pamene anthu ena ananyamula mfuti n'kulowa m'tchire. Mapepala ena a chaka chimenecho anafikanso kumanda kwa a Simioni, ndipo iwo anawaika m'bokosi nambala 212 popanda kuwawerenga. Palibe analiitanitsapo bokosilo. Kalata yoti litsekedwe sinabwerenso, ndipo kwa a Simioni chinthu chopanda kalata chinali chisanachitike.

Mu Ogasiti 1974 kunabwera mtsikana wovala siketi yaitali yabuluu, atanyamula kope ndi kalata ya zidindo ziwiri. Dzina lake anali Benedicta Sumani, wa kumudzi wina kufupi ndi Namwera, wophunzira pa koleji ina ku Zomba. Anali woyamba m'mudzi mwawo monse, mwamuna kaya mkazi, kufika sukulu yotero, ndipo kunatsala chaka chimodzi kuti amalize. Aphunzitsi ake anamutuma kuti afufuze zolemba zakale zimene zatsala m'maofesi a m'maboma: zilipo zingati, zikusungidwa bwanji, zikuwonongeka ndi chiyani. A Simioni anawerenga kalatayo kawiri, anaiunika pazenera, kenako anamupatsa mpando wawo weniweni, iwo n'kukhala pa bokosi la sopo.

Abale, munthu angasangalale bwanji! Zaka zonsezi anthu ankalowa m'chipindamo atatseka mphuno, kufuna fayilo n'kuthawa. Uyu ankafunsa. Anafunsa za oilo wa m'miyendo ya mashelefu, anafunsa chifukwa chimene za maukonde zinali padera ndi za misonkho. Atasaina kapepala koyamba anafunsa kumene kamapita, ndipo a Simioni anamuonetsa mawaya aja, khumi ndi asanu ndi awiri, atapachikika mondondozana. Benedicta anawajambula m'kope mwake n'kunena kuti ngakhale ku Zomba sanaonepo dongosolo lotere, ndipo adzalilemba m'kafukufuku wake pamodzi ndi dzina la mwini wake. Madzulo amenewo a Simioni anafika kunyumba akuimba nyimbo ya kwaya, mpaka a Dorika anawanunkhiza m'kamwa.

Ntchito inali yotenga bokosi lililonse motsatira nambala, kuwerenga mafayilo ali m'menemo, kulemba mitu yake ndi mmene mapepala alili. Bokosi limodzi linkatenga theka la ola, lina ola lathunthu. A Simioni ankatsitsa, Benedicta ankasaina, a Simioni ankabweza n'kubaya. Masana ankagawana mbatata, ndipo pofika sabata yachitatu anali atasiya kumutcha mayi, ankangoti mwana wanga.

Atafika pa 212 anapeza zoopsa. Denga linadontha m'dzinja lapitalo, madzi n'kutsetsereka pakhoma kulowa m'bokosilo osaoneka. Mapepala anali atamatirirana, atachita chuku, fungo lake lotsamwitsa. A Simioni anachita manyazi kwambiri moti anafuna kulira. Benedicta anati asadandaule, kusukulu anawaphunzitsa kachitidwe kake. Anayala mphasa pansi pa zenera n'kuyamba kumatula tsamba limodzilimodzi ndi mpeni wopanda mano, n'kumayanika monga ayanikira usipa pathandala, timiyala pamwamba. Iye anali mwana wa ku Namwera, ankadziwa za chaka cha 1965 kuposa a Simioni, ndipo iwo anaona ndi maso awo kuti masamba ambiri ankawayala chafufumimba kuti asaone zolembedwazo. Ntchitoyi inatenga masiku atatu. Koma bokosi silinkagona pansi kwa a Simioni, ayi. Madzulo alionse linkabwerera pashelefu, m'mawa n'kutsikanso. Choncho m'kaundula munalowa mizere itatu yondondozana, ndipo pawaya panabayidwa timapepala titatu, kalikonse kakunena kuti Benedicta Sumani anali ndi bokosi 212 kuyambira hafu seveni m'mawa kufikira hafu folo madzulo.

Kumapeto kwa Seputembala mtsikanayo anatsanzika n'kubwerera kusukulu.

Lachiwiri lina mu Novembala bwana wa ofesiyo anawaitanitsa a Simioni n'kutseka chitseko. Analankhula maso ali pa tebulo. Anati mphunzitsi uja anatuma mtsikanayo anatengedwa sabata yatha, ndipo tsopano akutsata ana ake onse a sukulu kuti aone zimene ankawerenga m'maboma. Lachinayi kubwera alendo awiri, akufuna kuona kaundula. Sanatchule kumene alendowo akuchokera. Zaka zimenezo munthu sankafunsa.

A Simioni anabwerera kuchipinda kwawo. Anatsegula kaundula pa tsamba 61. Mizere itatu ija inali pomwepo, yoongoka bwinobwino, dzanja lawo lomwe. Mabokosi ena onse kamodzikamodzi, koma la 1965 katatu. Ndani akanamva za chuku? Iwo ankadziwa zimene zinkachitikira munthu wotengedwa ndi alendo otero. Kunalibe khoti, kunalibe tsiku lotuluka, ndipo abale ankangomva m'mphekesera kuti mwina ali kwakutikwakuti. Mwana wa eni ake, miyezi yowerengeka kuti amalize, akathere kumeneko chifukwa anawathandiza kuyanika mapepala!

Munthu ameneyu anali asanafufutepo chilembo m'kaundula chiyambire ntchito. Akalakwitsa ankadula mzere umodzi woonda n'kusaina pambali kuti cholakwikacho chizionekabe. Manambala a masamba analemba okha ndi inki tsiku limene bukulo linafika. Kwa iwo kung'amba tsamba kunali ngati kuba m'tchalitchi, ndipo anadziwanso kuti akagwidwa, galimoto imene ikatenge mtsikanayo idzayamba yatenga iwo. Anaganiza za ana awo anayi. Tsiku lonse la Lachiwiri anangokhala, kaundula ali pamiyendo.

Lachitatu masana, anzawo atapita kukadya, anatulutsa lezala. Pokhala wodziwa mabuku, anadziwa kuti ukadula tsamba limodzi m'buku losoka, linzake la mbali inayo limagwedera n'kukuulula, choncho anachotsa onse awiri n'kukoka ulusi kuti ugwirenso. Ntchito inatuluka yaudongo. Anapinda masambawo n'kuwalowetsa m'sokosi. Atafika kunyumba anawapereka kwa a Dorika n'kunena kuti akolezere mbaula. A Dorika anayang'ana mapepalawo, anayang'ana amuna awo. Anayatsa, n'kuvundula phulusa ndi kamtengo. A Simioni sanadye tsiku limenelo, koma mtima unakhalako pansi. Anadziuza kuti achimwira ntchito yawo, koma mwana uja apulumuka.

Alendo anafika Lachinayi cha m'ma teni koloko, wina wonenepa wa thukuta, wina wochepa thupi wa mandala. Analonjera mwaulemu ndithu. Wonenepayo anatenga kaundula n'kuyamba kutsegula akuyasamula, akudandaula za kutentha ndi fungo la mileme. Anaona dzina la Benedicta mizere yambirimbiri, pa za misewu, pa za maukonde, pa za agalu. Anadumpha kuchoka pa tsamba 60 kufika pa 63 osaona chilichonse, pakuti ndani amayang'ana nambala ya tsamba kupatula a Simioni? Anatseka bukulo n'kunena kuti muno mulibe nkhani, tiyeni. A Simioni mumtima anayamba kale kuthokoza Mulungu.

Wamandala uja ndiye anati, poti abwera kale, angoona kumene kumakhala mapepala a 1965.

Apa ndiye pamene pamapweteka. A Simioni sanaganize kanthu, mutu unali utapita kale kukuthokoza. Manja okha ndiwo anagwira ntchito imene anaigwira kambirimbiri tsiku lililonse kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anatenga kapepala, analemba tsiku, nambala ndi ola, n'kupereka cholembera kwa mlendoyo kuti asaine. Mlendoyo anaseka, anakhwatchapo. Bokosi linatsika, kapepala kanakwera pampata. Munthuyo anavundukula, anatembenuza mafayilo awiri atatu, anati chabwino. Bokosi linabwerera, kapepala kanatsika, a Simioni analembapo ola. Kenako anakankha chitseko pang'ono kuti afikire kuseri, n'kubaya kapepalako pawaya.

Anazindikira dzanja likadali pomwepo.

“Kodi zimenezo n'chiyani, achikulire?” anafunsa wamandala uja.

Akananama bodza lotani? Mawaya anali lendelende pamaso pa onse, uliwonse ndi chikwangwani cha chaka chake. Mlendoyo anapachula wa 1974, anasolola timapepala tonse patebulo n'kuyamba kutiyala mosathamanga. Sizinatenge nthawi. Titatu tija tinatuluka motsatana, ndipo tinali toipa kuposa kaundula, chifukwa pamenepa panali maola ndiponso siginecha ya mwini wake.

A Simioni anafotokoza za denga, za chuku, za mphasa. Anati mtsikanayo sanawerenge, iwo anaona okha, ankayala chafufumimba. Anatsegula bokosi kuwaonetsa madontho a madzi pamapepala. Mawu ankatuluka mothamangitsana, ndipo anapezeka atagwada osadziwa kuti agwada liti. Wonenepa uja anafunsa ngati mapepala ndi chambo kuti aziuma masiku atatu, mnzakeyo n'kuseka. Anatenga bokosi ndi timapepala tonse ta chaka chimenecho. Za masamba osowa m'kaundula sanazidziwe mpaka kalekale. Ali pakhomo, wamandalayo anawagwira dzanja a Simioni n'kuwauza kuti dziko likanakhala ndi anthu khumi osamala ntchito ngati iwo, bwenzi zinthu zikuyenda.

Sabata yotsatira dalaivala wina wa ofesiyo, pobwera ku Zomba, anawanong'oneza kuti mtsikana uja amutenga ali m'kalasi.

A Simioni sanamangidwe, sanachotsedwe ntchito, sanadzudzulidwe n'komwe. Izi n'zimene zinawadya. M'mawa uliwonse ankatsegula chipinda, kusesa ndowe za mileme, kukhala pampando uja anamupatsa Benedicta. Mawaya otsalawo anakawataya m'chimbudzi, ndipo analumbira kuti sadzadulanso kapepala. Lumbirolo linatha masabata awiri. Mabokosi awiri analowa polakwika, bwana anakalipa, iwo anasakasaka masiku anayi, ndipo Lolemba lotsatira anabwera ndi waya watsopano. Mukhoza kuwanyoza ngati mukufuna, koma munthuyu sankadziwa njira ina yogwirira ntchito, ndipo ana anafunika kudya. Kwaya anasiya. Anaonda mpaka malaya ankangolendewera. A Dorika, amene kale sankatha tsiku osawaseka, analeka nthabwala zija, n'kumangowaikira madzi osamba mwakachetechete.

Mu 1978 anamva kuti Benedicta watuluka, patatha zaka zitatu ndi theka. Anamvanso kuti kukoleji sanamulandirenso, ndipo panalibe ofesi kapena sukulu imene ikanayerekeza kulemba ntchito munthu wochokera kumene anachokerako. Anabwerera kwawo. Kuchoka pa Mangochi kukwera mapiri kufika ku Namwera si ulendo wa tsiku lonse, koma a Simioni unawatengera zaka zinayi. Ankati apita mwezi wamawa, mvula ikatha, msewu ukauma. Zoona zake n'zakuti ankaopa. Ankaopa kuonedwa pakhomo pa munthu wotero, ndipo koposa ankaopa nkhope yake.

Atapuma pantchito mu 1982 zifukwa zinatha. A Dorika anawamangira utaka wouma m'nyuzipepala n'kuwaperekeza kokwerera basi. Njira yonse, basi ikulira pamitunda, ankakonza mawu. Adzavomera zonse, za waya, za manja awo opusa. Koma adzamuuzanso za lezala, kuti adziwe kuti sanamupereke dala, kuti anaika moyo wawo pachiswe n'kuwononga kaundula wawo chifukwa cha iye. Chinthu chimenechi anali atachisunga zaka zisanu ndi zitatu, osauza wina aliyense kupatula akazi awo, ndipo n'chokhacho chimene chinkawalola kudziyang'ana pagalasi pometa ndevu.

Anamupeza pa esiteti ina ya fodya, m'shedi yosankhira masamba, atakhala pansi pamzere ndi amayi ena, mpango kumutu. Anali ndi zaka makumi atatu zokha koma a Simioni anamudutsa kawiri osamuzindikira. Benedicta ndiye amene anawaitana. Anapempha kwa kapitawo, anatuluka nawo panja, anawapezera chitsa pansi pa mtengo wa bulugamu, iye n'kukhala pansi. Anafunsa za amayi kunyumba, za ana. Analandira nsomba ndi manja awiri. Mano awiri a kutsogolo kunalibe, ndipo zala zinali zakuda ndi utomoni wa fodya.

A Simioni anavula chipewa n'kuyamba. Anangofika pa mawu akuti waya, Benedicta anakweza dzanja.

“Ndikudziwa, bambo. Timapepala tija ankatiika patebulo pamaso panga tsiku lililonse, miyezi iwiri.”

Analankhula mosakweza mawu, akuyang'ana zala zake. Anati poyamba anakana kuti sanakhale nalo bokosilo nthawi yaitali choncho, poganiza kuti mwina amusiya. Ndiye anamupatsa timapepalato kuti aloze yekha pamene pali bodza.

“Ndinatiyang'anitsitsa, bambo. Ndinkafuna polakwika pamodzi pokha, kaya tsiku, kaya ola, kuti ndinene kuti onani, mkuluyu amasokoneza, musamukhulupirire. Ndinapemphera kuti mukhale mutalakwitsako kamodzi. Panalibe.”

Sanawatukwane, sanalire. A Simioni anadikira kuti mwina awonjezera mawu ena, oipa kaya abwino, koma iye anali atamaliza. Kushedi kunalira chitsulo. Benedicta anaimirira, anasasa chitenje, anawauza kuti basi yotsika imadutsa folo koloko ndipo asaiphonye chifukwa kulibenso ina. Anawafunira ulendo wabwino n'kubwerera pamzere wake.

A Simioni anatsala pachitsa paja, chipewa chili m'manja. Za lezala sanazitchule, ndipo mpaka imfa yawo ku Nkhudzi patapita zaka zitatu sanauzenso munthu.